Oyilo wa Apongozi Anatifikitsa pa Mponela

Ine ndine mphunzitsi, komanso ndine mkamwini. Pa ziwirizi chovuta ndi chachiwiricho. Ana a Sitandade 6 ndimawauza pamaso kuti alakwitsa, koma apongozi anga, aChisale, pa zaka khumi ndi ziwiri zimene ndakhala ndi mwana wawo Agnesi, ndinali ndisanawatsutsepo ngakhale pa nkhani ya mvula. Akati igwa, ine ndimatenga ambulera. N'chifukwa chake ulendo wathu wa ku Mzuzu, wa kuukwati wa mlamu wanga Yohane, tinaunyamuka tambala atangotsika ndipo tinakafika dzuwa litalowa, pa galimoto yabwinobwino.

Kagalimoto kathu n'kakang'ono, ka petulo, kogwirapo kale ntchito ku Japan. Tinakagula ndi thukuta la mbatatesi za kudimba. Injini yake ndi yochepa moti apongozi atayiona koyamba anafunsa ngati theka linalo linatsala kudoko. Koma kali ndi tebo, kachipangizo kozungulira ndi utsi kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini, ndiye pa chitunda sikachita manyazi. Amakaniko amene amakasamalira ku boma, aMwale, anandichenjeza tsiku loyamba lomwe. Anati tebo imazungulira mwaliwiro losaneneka, imatentha koopsa, ndipo chimene chimaisunga ndi oyilo wodutsa m'kanjira kopapatiza ngati phesi la udzu. Anandilozera pa chitsekero cha oyilo pamene analembapo 0W-20, nati ndizithira yekhayo. Nambala yoyamba ija imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amakhalira injini ikatentha. Kwa ife a ku Dedza, kumene m'mawa wa Julaye ngakhale mafuta ophikira amagwirana m'botolo, yoyambayo si yoseweretsa.

Lachinayi tinafika kumudzi kwa akazi anga, kuseri kwa Chimbiya, kuti tigone komweko tidzanyamuke ndi madalawo m'mamawa. Amayi ake a Agnesi anali atatsogola kale pa basi ndi azimayi anzawo okaphika. Masana ine ndi Agnesi tinatsikira kudimba kukakumba mbatatesi zoti tikapereke kuukwati. Makiyi ndinawapachika pa msomali pakhonde, ndipo kulakwa kwanga kunayambira pomwepo.

Pobwerera, tikadali patali, tinamva likhweru. Agnesi anaima chiriri ndi dengu pamutu. Anati bambo ake sanaimbepo likhweru chitsekereni chigayo.

AChisale anayendetsa chigayo cha dizilo zaka zoposa makumi atatu. Midzi yonse ya kuseri kwa phiri inkagayitsa kwa iwo, ndipo injini iliyonse ikatsokomola, kaya ya mpope wa madzi kaya ya ocheka matabwa, eni ake ankabwera kudzawatenga pa njinga. Magetsi atafika pamsika, zigayo zamagetsi zinabwera, chawo chinafa. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde. Anthu ankawapatsa moni waulemu, koma panalibenso wowafunsa kanthu.

Tinawapeza atapinda malaya, manja ali bii, nkhope ikuwala, boneti ili yasaa. Anandiuza mondimvera chisoni kuti anthu a m'tauni anandibera. Akuti atayeza oyilo anapeza madzi enieni, tiyi wa kumaliro. Ndiye anayala thumba, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, n'kulowa pansi pa galimoto, n'kukhetsa yense. M'malo mwake anathiramo wawo wa dizilo, nambala 40, wolemera ngati uchi, wa m'chigubu chosatsegula chimene anasunga kuchipinda chitsekereni chigayo. Anati chinali chomaliza, ndipo zaka zonsezi ankadikira chinthu choyenera.

Ndinafunsa, maso ali pansi, kuti wakale uja ali kuti. Analoza khola la mbuzi. Anali atapaka mitengo yonse kuti chiswe chisadye. Oyilo amene ndinathiritsa sabata yomweyo! Ndinawomba m'manja kuthokoza, nanga n'kutaninso.

Ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukaimbira aMwale. Anayamba aseka kaye mpaka kutsokomola, kenako anasiya. Anati kagalimotoko sikafa lero lomwe, koma m'mawa ndikatenthetse nthawi yaitali, ndisaponde moto, ndipo pamalo oyamba amene ndingathe ndikhetse yense n'kusinthanso fyuluta yosefera oyiloyo. Za mapiri a Chikangawa ndi oyilo ameneyo, anati ndisayerekeze n'komwe, pokhapokha ngati ndatopa nayo tebo.

Nditamufotokozera Agnesi, ndinati mwina iyeyo, monga mwana wawo, akawauze mwanzeru. Anapukusa mutu.

"Mukawauza, likhweru lija simudzalimvanso," anatero.

Ndiye tinapangana kuti oyilo achoke, koma mwini wake asadziwe.

Lachisanu kunacha ndi chisanu chothyola zala. Nditapotoza kiyi, injini inazungulira mwaulesi, inadzuka ndi kaphokoso ka zitsulo zokhulana. Apongozi, atavala chikhothi ndi chipewa chaubweya, anakhala kutsogolo nati amenewo ndiye mawu a injini yokhuta. M'buti anali ataikamo chigubu chija ndi kotsalako, pamodzi ndi masipanala awo m'kathumba ka feteleza, kuti mwina tikawonjezera panjira. Ine ndinkafuna nthawi yoti injini itenthe, ndiye ndinapempha kuti tiyambe tapemphera. Agnesi anatsogolera khumi limodzi la Kolona. Atamaliza ndinayang'ana kamuvi ka kutentha, sikanasunthe, ndipo ndinamukodola pagalasi kuti awonjezere lina. Tinanyamuka titanena makumi atatu.

Pa Chimbiya, ogulitsa kabichi amene nthawi zonse amathamangira galimoto tsiku limenelo sanavutike. Mayi wina anangoyenda pambali pathu, anatsatsa, anatsitsa mtengo, anadandaula za feteleza, ife tisanamupitirire. Pa Linthipe lole yodzaza matabwa inatidutsa pa chitunda, ndipo kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu kufunsa ngati tanyamula maliro. Apongozi sanamve kapena anasankha kusamva. Anandiyamikira kuti ndine dalaivala wodekha, osati anyamata amasiku ano, ndipo anapitiriza likhweru lawo, nyimbo yakale ya kutchalitchi.

Tikuyandikira Nathenje, kanyale kachikasu kanayaka kutsogolo kwangaku. Ndinachotsa msanga kachithunzi ka Banja Loyera kamene kamalendewera pagalasi, n'kukatsamiritsa pa kanyaleko. Madalawo anatembenukira kumbuyo n'kumuuza Agnesi kuti anakwatiwa ndi munthu wopemphera. Agnesi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Ku Lilongwe tinali titakonza kuti Agnesi awatenge bambo ake akagule taye ya kuukwati, ine ndithamangire kugalaja. Zinakanika tisanayambe n'komwe. Anati m'tauni muno galimoto siisiyidwa yopanda munthu wamkulu, iwo akhala mlonda, taye ndikawasankhire ndine popeza ndine wophunzira. Anakhala mmenemo, zenera litakwezedwa, akuyang'ana aliyense wodutsa ngati wakuba wodziwika. Ndinangoti basi, bola ndikagule oyiloyo, kukhetsa tikaonera kutsogolo.

Pakhomo pa sitolo ya zida za galimoto panali amuna awiri ogulitsa oyilo wa m'mabotolo a zakumwa, akulumbira kuti amagwira galimoto iliyonse, njinga yamoto ndi makina osokera omwe. Ndinawadutsa. Mayi wa m'sitolomo sanathamangire kundigulitsa. Anafunsa kaye kuti pa chitsekero analembapo chiyani, ndi ya petulo kapena ya dizilo, ili ndi tebo kapena ayi. Kenako anatsitsa chigubu, n'kuchitembenuza kuti ndione zilembo za kumbuyo zosonyeza kuti ndi wa injini za petulo zamakono, wa mtundu uja amati sinthetiki, amene sapserera msanga tebo ikatentha. Anandiuza ndiyang'anitsitse chomatira cha pakamwa, poti alipo akathyali amene amatola zigubu zakale n'kudzazamo zawozawo. Ine, mwina pofuna kuwaikira kumbuyo apongozi ngakhale iwo kulibe, ndinafunsa ngati oyilo wolemera si amene ali wamphamvu. Mayiyo anati kwa injini zakale, zoyenda pang'onopang'ono, zotakasuka m'kati, wolemera anali woyenera ndithu. Koma kwa tating'ono ta masiku anoti, mphamvu ya oyilo ndi kufika msanga pamene akufunika. Ndinamusimbira nkhani yanga yonse, ya khola la mbuzi yomwe. Anandiyang'ana mwachifundo akundipatsira fyuluta, n'kufunsa kuti, "Ndinu mkamwini eti?"

Taye ndinagula yoyamba imene ndinaiona, yofiira. Pamene Agnesi ankawayesa bambo ake pakhosi, ine ndinakwirira chigubu chatsopanocho m'thumba la mbatatesi.

Kutuluka mu Lilongwe kunatitengera ola lathunthu, galimoto zitathithikana, ine maso ali pa Banja Loyera. Pa Lumbadzi tinadya chimanga chootcha tikuyenda. Dzuwa lili paliwombo tinalowa pa Mponela, ndipo apa Agnesi anaonetsa kuti ndi mwana wa mayi ake. Anawayang'ana bambo ake m'mutu, n'kunena kuti tsitsi limenelo silingakaonekere kuukwati. Iwo anakana. Iye anati chabwino, koma Atumbuka akadzati anthu a ku Dedza sameta, asadzadandaule. Madalawo anatsika okha.

Mwamwayi pometera magetsi anali atazima, ndipo wometayo anati adikire, amabwera nthawi iliyonse. Agnesi anawakhazika pabenchi. Ine ndinati ndikukapopetsa matayala.

Makaniko ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale, bambo wonenepa, wosafulumira pa chilichonse. Atamasula bawuti ya pansi n'kuona zimene zinkatuluka, anakweza mutu n'kundifunsa kuti kagalimotoka kanandilakwira chiyani. Ankafuna kukhetsera m'chidebe chake chakuda mmene amataya zonse. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Kuona oyilo uja akutsika, ndinaona m'maganizo mkulu wa kumudzi uja atagona pathumba, m'fumbi, akuchitira mkamwini wake zabwino zimene ankazidziwa. Ndinamuuza makanikoyo atsuke beseni, akhetsere mmenemo, ndipo ndinabwezera ndekha yense m'chigubu cha apongozi n'kutseka bwinobwino.

Tili m'kati mothira watsopanoyo, mawayilesi onse a pa Mponela analira nthawi imodzi. Magetsi ayaka. Mutu wa apongozi ndimaudziwa, tsitsi lake silitenga mphindi khumi. Ndinayamba kumupanikiza makaniko uja kuti achite changu, iye akuti dikirani ndimangitse, ine ndikuti zakwana, zakwana bambo. Ndinafika pometera ndili wefuwefu, madalawo akukutumula kolala. Anayang'ana matayala, nati ndapopetsa bwino.

Tisanafike pa Madisi kanyale kaja kanazima, ndipo Banja Loyera linabwerera pamalo pake. Kagalimoto kanapepuka, ndikangogusa pang'ono kankathamanga kokha. Apongozi anamenya pa bondo nati tsopano oyilo wafika m'mitsempha monse. Likhweru linakwera. Tinawoloka Bua tikuseka, ine ndikudziyamikira mumtima kuti ndine wochenjera.

Pa Kasungu tinaima kuthira petulo. Ndikubweza chitsekero, ndinamva akuti nditsegule boneti, injini imayezedwa pakati pa ulendo. Ndinayang'ana Agnesi, Agnesi anayang'ana kumwamba. Ndinatsegula. Anasolola kachitsulo koyezera, anapukuta, anabwezera, anasololanso. Anatenga dontho pa chala, analipekesa ndi chala chachikulu, analinunkhiza. Kenako anawerama n'kusuzumira pansi pa galimoto, anaweramuka pang'onopang'ono atagwira msana.

"Tiyeni," anatero.

Kuchokera pamenepo likhweru linatha. Ndinkayendetsa ndikumva kusayankhula kwawoko kukundiwotcha tsaya la kumanzere. Kunena zoona ndinachita manyazi kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga wa pa ukamwini. Agnesi anayesa nkhani ya mkwatibwi, anayesa ya mbuzi, iwo ankangoti "mmm". Pa Nkhamenya anapempha kuti ndiime akataye madzi, ndipo pobwera anazungulira galimoto maso ali pansi. Pa Jenda, apolisi atatiimitsa pa chipata, azimayi a tomato atatizinga, anatsikanso osagula kanthu, n'kuima kutsogolo akuyang'ana phula. Ine ndinkati akungopewa nkhope yanga.

Chikangawa tinakakwera mosavuta. Kagalimoto kanadutsa malole awiri pa chitunda osapuma n'komwe, koma panalibe woti n'kukayamikira. Pamwamba, pakati pa mitengo ya paini ndi zitsa, nkhungu itayamba kutsika, anandiuza kuti ndiime pambali. Nditatambasula dzanja kuti ndizimitse, anati ndiileke ipume kaye ikulira, injini yotentha sazimitsa ngati nyali. Ndi zomwezo zimene aMwale amandiuza za tebo. Patapita kanthawi anagwedeza mutu, ndinazimitsa. Anamuuza Agnesi kuti akawongole miyendo, ndipo iye anapita osafunsa.

"Aphunzitsi," anatero, maso ali kutsogolo, "oyilo wanga mwamutaya pati?"

Ndinatsika, ndinatsegula buti, ndinanyamula chigubu chija n'kuwapatsira ndi manja awiri. Anachiyeza kulemera m'manja, anatsegula, ananunkhiza, anatsekanso. Anakhala nacho pamiyendo kanthawi. Ndinayamba kupepesa, mawu akupunthwa, ndikufotokoza za tebo, za kanjira kopapatiza, za manambala a pa chitsekero, kuti oyilo wawo ndi wabwino koma ndi wa injini ina. Anandidula.

"Kulakwa ndalakwa, zimenezo si nkhani. Pachigayo ndinkalakwa, anthu ankandiuza pamaso, mwina mondilalatira, ine n'kukonza. Koma inu mwandinyamula kuchokera kwathu ngati dzira, mpaka kukandimetetsa tsitsi. Munthu akafika poti sakuuzidwanso kuti walakwa, ndiye kuti anzake anamuika kale m'manda, angotsala kulengeza."

Ndinkati ndikuwasungira ulemu, osadziwa kuti ndikuchita zomwe zija za anthu a pamudzi, moni wokoma koma osawafunsa kanthu. Maso anga anatentha, ndipo sindinamizire nkhungu.

Anapumira m'mwamba, kenako kukamwa kunayamba kugwedezeka ngati akufuna kuseka. Anati naonso asadziyeretse. Chichokereni ku Kasungu akhala akuona kuti bawuti ya pansi ikudontha, munthu amene anaimanga anali pa changu. Pa Nkhamenya anawerenga madontho atatu, pa Jenda asanu ndi awiri. Koma akananena, ndikanadziwa kuti adziwa, ndipo sanafune kuchititsa manyazi mkamwini pamaso pa mkazi wake. Ndiye anangokhala chete, mtima uli m'mwamba, akupemphera kuti isamasukiretu pa chitunda.

Manyazi anapha Lambe, akuluakulu sananame. Amuna awiri akuluakulu, wina wa imvi wina wa satifiketi, tikanaipha galimoto kawiri tsiku limodzi chifukwa cha ulemu.

Tinadikira kuti zitsulo zizizireko. Podikirapo anandiuza ndiwawerengere za pa chitsekero zija, poti maso awo saonanso tizilembo. Ndinawawerengera, ndinafotokoza monga anandifotokozera mayi wa ku Lilongwe. Anafunsa mafunso anayi, awiri ndinalephera kuyankha, anati tikawafunse aMwale limodzi tikabwerera. Kenako anakumbukira khola lija lopakidwa oyilo wodula, nati ndiye kuti mbuzi zawo zikugona mwaulemu kuposa za munthu aliyense ku Dedza.

Ndinati ndilowe pansipo ndine. Anandiyang'ana manja, manja a choko, n'kuvula chikhothi. Tinakweza mbali imodzi ndi jeke, anaika mwala ku tayala, anayala thumba la feteleza lija pa udzu wonyowa, n'kulowa chagada mpaka kunja kunangotsala nsapato. Panatuluka dzanja.

"Sipanala 17."

Ndinaigwira 17 ija m'manja. Pa Mponela ndinali nditaima pompo makaniko akumanga, ndipo ndinaona imene anagwiritsa. Kaya madalawo anaiwala imene anamasulira dzulo lake, kaya ankandiyesa, sindikudziwa.

"Bambo, mwalakwitsa. Imeneyo ndi 14."

Dzanja silinasunthe, ndiye ndinaikamo 17 yomweyo. Ndinamva ikuterera pa bawuti, kamodzi, kawiri. Dzanja linatulukanso, lili chitambasulire, ndipo ndinaikamo 14. Inagwira. Ndinamva bawuti ikumangika pang'onopang'ono, kenako pansi pa kagalimoto kaja panayamba kumveka likhweru, nyimbo yomwe ija ya kutchalitchi.

Agnesi, amene anaima patali m'mbali mwa msewu atafunda chitenje, anatembenuka.